Chala cha Kapitawo

Kachipatala ka pa esiteti ya thonje, kufupi ndi Chiromo, kanali ndi zipinda ziwiri, khonde lalitali, ndi mtengo umodzi wa nimu umene mthunzi wake ankalimbirana amayi, mbuzi ndi njinga ya adokotala. Clotilda anafikapo nyengo yotola thonje itangoyamba. Anali atangomaliza kumene sukulu ya unamwino ku Blantyre, ndipo yunifolomu yake inali ikadali yoyera moti amayi ankapatuka akamadutsa, kuopa kuidetsa.

Adokotalawo anali bambo Edmund. Sanali dokotala weniweni, anali wothandizira chabe, koma dokotala weniweni ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera odwala ankamufunsa mwaulemu ngati bambo Edmund alipo.

Sabata yoyamba Clotilda ankangowiritsa masingano ndi kuyang'ana. Mwana wa chimfine, penisilini. Mwana womera mano, penisilini. Tsiku lina kunabwera kamwana kolumidwa ndi mavu kukhutu, nakonso kanatuluka kakulirira thako. Ndipo akazula singano, bambo Edmund ankaviika thonje m'botolo la jivi, mankhwala aja opaka pa zilonda, n'kusiya banga lapepo lalikulu ngati dzira la njiwa pamene abayapo.

"Jiviyo ndi wa chiyani, bambo?" anafunsa Clotilda Lachisanu, pakhonde patatha anthu. "Kusukulu sanatiphunzitse zimenezo."

"Kusukulu kulibe a Lorenso," anayankha bambo Edmund akusamba m'manja.

A Lorenso anali kapitawo wa amayi otola thonje. Lamulo la esiteti linkati mayi akhoza kukhala pakhomo ngati mwana wake wadwala kwambiri, koma wojomba popanda chifukwa amachotsedwa ntchito, ndipo nyumba ya esiteti ya ku malayini amaisiya tsiku lomwelo. Vuto linali lodziwa kudwala kwambiri. A Lorenso sankakhulupirira mapepala, poti sankatha kuwerenga. Sankakhulupiriranso amayi, poti anali ndi akazi awiri. Chimene ankadziwa n'chakuti mwana wodwaladi amabayidwa jekeseni. Choncho m'mawa poitana mayina, mayi wa mwana wodwala ankabwera naye kumunda, n'kumuvula thewera, a Lorenso n'kuona banga, n'kumulola kubwerera.

"Nanga bwanji osangopaka jiviyo popanda singano?" anafunsa Clotilda.

Bambo Edmund anaseka. "Mwachedwa, anesi. Amayiwa anayesa kalekale, ena ndi inki ya ana asukulu, ena ndi zipatso zakutchire. Tsopano a Lorenso amadina ndi chala chachikulu. Penisilini amasiya kam'bulu kolimba m'kati. Akapanda kukamva, mayi amatenga thumba n'kulowa m'munda."

"Ndiye kuti anawa mukuwabayira chala cha a Lorenso."

"Ndikuwabayira denga, mwanawe. Mwana wopanda pogona ndiye amadwala zenizeni."

Clotilda ankadziwa zimene anaphunzira, kuti chimfine sichimva penisilini, ndipo kuti tizilombo tikamakumana ndi mankhwala tsiku ndi tsiku timawazolowera ngati mpheta zozolowera chidole cha m'munda wa mapira. Koma ankadziwanso kuti bambo Edmund anayamba ntchito iye asanabadwe, ndipo kuti pa esiteti yonse panalibe mayi amene ankawanenera zoipa. Anapitiriza kuwiritsa masingano.

Otilia anabwera Lachiwiri la sabata yotsatira, dzuwa litayamba kupendeka, thonje likadali m'tsitsi. Anali mmodzi mwa amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhondo. Mwamuna wake anatsala kutsidyako kuti aperekeze mayi ake okalamba, ndipo sanamvekenso. Kuno Otilia analibe mbale, analibe munda. Anali ndi chipinda chimodzi ku malayini ndi mwana wamwamuna, Tomasi, amene anali asanayambe kuyenda.

Bambo Edmund anali m'chipinda china akuzula munthu dzino. Otilia anatsitsa mwana kumbuyo, n'kumugoneka chafufumimba patebulo, n'kuyamba kumasula thewera asanafunsidwe kanthu.

"Tiyambe ndi kumaso, mayi," anatero Clotilda, n'kumutembenuza mwanayo.

M'mphuno munali mamina a chimfine wamba. Thupi silinali lotentha kwenikweni, ndipo m'chifuwa munali bwinobwino. Koma liwombo linali litalowa pang'ono, maso ali tulo tulo, ndipo atamutsegula kukamwa anapeza lilime ndi masaya a m'kati zili mbee ngati wapakidwa chambiko.

"Akuyamwa?"

"Amagwira, n'kusiya, n'kulira. Akutsegula m'mimba, anesi. Thewera ndachapa mpaka sopo watha."

Kenako Clotilda anamugonekanso chafufumimba. Mabanga a jivi anali osanjikizana, akale otuwa, atsopano owala. Thako lakumanja linali mibulu yokhayokha ngati mwanayo wameza mtedza n'kukakhala kumeneko. Lakumanzere linali ndi chithupsa chofufuma, chonyezimira, chotentha ngati mwala wapadzuwa. Atangochikhudza pang'ono, Tomasi anakuwa ndi kamawu kosasa.

"Wabayidwa kangati mwanayu?"

"Sindinawerenge. Kuyambira nthawi ya mvula."

"Mayi, zoyera za m'kamwazi ndi kutsegula m'mimbaku zabwera ndi jekeseni zomwezi. Mankhwalawa akachuluka amapha ndi zabwino zomwe zimene zimateteza m'mimba."

Clotilda ankayembekeza kutsutsidwa. Koma Otilia anangogwedeza mutu ngati wauzidwa kuti kunja kukutentha.

"Ine ndimaona, anesi. Akabayidwa, mawa lake amatsegula. Akatsegula, ndimayenera kukhala naye. Kuti ndikhale naye, ayenera kubayidwa." Anapukuta mwana mamina ndi nsonga ya chitenje. "Mubayeni basi. Mupeze pena pofewa."

Clotilda anaitana bambo Edmund kuti adzamugwirire mwana. Anawiritsa kampeni, n'kuboola chithupsacho. Mafinya anatuluka ambiri kuposa mmene thako la khanda lingasungire, ndipo bambo Edmund sanachotse maso pa kambale kolandirira. Atatsuka balalo ndi kulimanga, Clotilda anapaka jivi m'kamwa mwa mwanayo, pa lilime ndi m'masaya, n'kumusonyeza Otilia kasakanizidwe ka madzi owiritsa, shuga ndi kamchere pang'ono, ndi kamwetsedwe kake ndi supuni, pang'onopang'ono, tsiku lonse.

"Mupitirize kumuyamwitsa ngakhale akane. Jekeseni ayi. Lero ayi, mawa ayi."

Otilia anayang'ana kukamwa kwapepo kwa mwana wake. "Mwapaka kolakwika, anesi. A Lorenso sayang'ana m'kamwa."

"Pantchafu pali malo," anatero bambo Edmund motsitsa mawu. "Kamodzi kokha, kuti apeze masiku omusamalira."

"Kamodzi kokha kaja ndi aka kali m'mbalemu, bambo."

"Nkhabe, anesi, ayi," anatero Otilia, Chisena chikutulukira poti mtima unali utakwera. "Inu mawa mudzuka m'nyumba yanu. Ine ndikajomba andichotsa. Ndikalowa m'munda, mwanayu agona pansi pa mlambe mpaka madzulo, supuni yanuyo adzimwetsa yekha? Ndipite naye kuti? Kwathu kuli mfuti."

"Simujomba, ndipo simulowa m'munda."

"Nanga?"

"Mudzandidikire pa mjigo m'mawa. Tipitira limodzi."

Otilia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zoyera. Anabereka mwana mosamala kuti chitenje chisafinye bala, n'kutuluka.

Bambo Edmund anakhuthula kambale kaja, n'kukatsuka okha, ntchito imene sankagwira.

"Ine sindikuletsani," anatero. "Koma mudziwe kuti a Lorenso ndi tcheyamani wa nthambi ya Chipani kuno. Mawu oti lamulo ndi loipa musakawatulutse. Masiku ano mawu otere amafika ku boma mwini wake asanafike kunyumba."

"Sindikanena kuti ndi loipa."

"Ndiye mukanena chiyani?"

"Ndikanena kuti ndi labwino."

M'mawa mwake Clotilda anawiritsa jekeseni, n'kuiika m'kambale kachitsulo kovindikira pamodzi ndi kabotolo ka penisilini. Pa mjigo anapeza Otilia ataima kale. Otilia ataona kambale kaja nkhope yake inamasuka.

"Mwasintha maganizo."

"Ayi. Wayamwa?"

"Pang'ono. Madzi aja akumwa."

Ananyamuka ulendo wa kumunda. Kunja kunali kusanatenthe, koma kunkamveka kuti kutentha kukubwera, ngati mmene sitima imamvekera mu njanji isanaoneke. Pansi pa mlambe, m'mphepete mwa munda, amayi anali atakhala pa matumba awo. A Lorenso anaima patsogolo ndi kandodo kawo, baji ya Chipani ikuwala pa thumba la malaya, akuitana mayina pamtima. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wa mawu aakulu kuposa chifuwa chake.

"Anesi, mwasochera?" anatero ataona yunifolomu. "Kuno kulibe odwala. Kuli aulesi okhaokha."

"Mwadzuka bwanji, bambo kapitawo. Ndabwera kudzakuthandizani ntchito."

Otilia anagwada, n'kugoneka mwana pamiyendo, n'kumasula thewera. A Lorenso anapanira kandodo m'khwapa, n'kuwerama, chala chachikulu chili patsogolo. Anapeza bandeji. Anayang'ana mbali inayo, kufufuza banga latsopano pakati pa akale.

"Ladzulo lili kuti?"

"Palibe," anatero Clotilda. "Sindinamubaye."

Amayi aja anayamba kunong'onezana. A Lorenso anaweramuka.

"Ndiye atenge thumba. Mwana amugoneke apa ndi anzake."

"Mwanayu akutsegula m'mimba, bambo. Ayenera kumwetsedwa tsiku lonse, apo ayi pofika mawa tikhala tikukamba nkhani ina."

"Lamulo si langa, anesi. Wodwala kwambiri amabayidwa. Wosabayidwa sanadwale kwambiri."

"N'zoona, ndipo ndi lamulo labwino. N'chifukwa chake ndabweretsa."

Clotilda anavundukula kambale kaja. Mosafulumira, amayi onse akuona, anapopa mankhwala oyera ngati mkaka aja m'kabotolo, n'kukweza jekeseni kumwamba, n'kuigogoda ndi chikhadabo kuti mpweya utuluke. Kenako anagwada pambali pa Otilia n'kutukula mbali imodzi ya bandeji. Bala linali lofiira, lakuya, likuchucha madzi. Mayi wina wapafupi anatembenukira kumbali.

"Uku kuli bala, monga mukuonera. Uku kuli mibulu yokhayokha. Ine ndafufuza malo, ndalephera, poti ntchitoyi ndangoiyamba kumene. Koma inu chala chanu chadina ana onse a pa esiteti pano." Anabwezeretsa bandeji, n'kupereka jekeseniyo ndi manja awiri, akadali chogwada, monga mwana wolangizidwa bwino amaperekera madzi kwa mlendo. "Mupeze malo, bambo, mubaye."

A Lorenso anabwerera m'mbuyo. "Ine si dokotala."

"A Lorenso, lero mukukana udokotala?" Amene anayankhulayo anali mayi Mwajuma, mayi wamkulu wochokera kumtunda, amene anatola thonje pa esitetiyo zaka zambiri moti sankaopanso munthu. "Zidzukulu zanga zonse zinapimidwa ndi inu. Ife timati mwina satifiketi ili kunyumba, kwa mkazi wamng'ono."

Amayi anaseka, ena ataphimba kukamwa ndi matumba.

"Mungosamala apa," anapitiriza Clotilda, akuloza ndi chala. "Pamadutsa mtsempha wa mwendo. Singano ikaukhudza, mwendo umafota moyo wonse. Koma musaope. Amayi onsewa ndi mboni kuti munachita potsata lamulo."

Tomasi anayamba kulira, kukamwa kwapepo kuli yasa. A Lorenso anayang'ana jekeseni, anayang'ana bandeji, n'kupukuta dzanja pa buluku ngakhale sanakhudze kanthu. Kuseka kuja kunali kutawapweteka, ndipo pamene anayankhula mawu awo anali otsika, opanda nthabwala.

"Imirirani, anesi. Musandigwadire ngati ndine wankhanza. Inu mukuona mwana mmodzi, ine ndikuona munda. Ndikalola uyu wopanda banga, mawa ana onse a ku malayini adwala. Thonje lidzitola lokha? Bwana akandifunsa kuti anthu ali kuti, ndidzati anesi anati? Nanenso nyumba ndimagonayo si yanga."

Clotilda anaimirira. Zimene a Lorenso ananenazo zinali zoona.

"Ndiye pafunika umboni wina, wosaboola mwana," anatero.

"Mapepala ayi. Aliyense amalemba."

"Chabwino, mapepala ayi."

A Lorenso anakanda pansi ndi kandodo. Kenako anayang'ana nsapato za Clotilda, zimene fumbi la m'njira linali litazisintha kale mtundu, ndipo anamwetulira pang'ono.

"Pakamwa panu," anatero. "Muzibwera nokha m'mawa uliwonse poitana mayina. Muziima apa, muzinena pamaso pa onse kuti uje mwana wake akudwaladi. Amene mwamutchula, abwerere. Za mabanga tisiye. Koma tsiku limene simudzabwera, palibe wokhala pakhomo, kaya mwana wabayidwa kaya sanabayidwe. Osatuma munthu. Osati mawa ndidzabwera masana."

Clotilda anaona nkhope za amayi aja zikusintha. Jekeseni inali yoipa, koma inali yodalirika, ndipo bambo Edmund sankakaniza munthu. Tsopano zonse zidzadalira miyendo ya mtsikana wa ku Blantyre amene sanaonepo mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno ali pa ntchito. Ndipo panali chinanso chimene iye anachiona m'maso mwa ena: padzakhala masiku amene mayi adzamupempha kuti amutchule, mwana ali ndi kachimfine chabe, iye n'kukana. Amayi omwewa amene aseka lerowa adzaleka kumupatsa moni pa mjigo.

"Ganizani bwino, mwanangu," anatero mayi Mwajuma, tsopano osaseka. "Nesi amene analipo inu musanabwere anathawa kutentha, anasiya ndi ambulera yomwe. Mukatichotsera ichi n'kutopa pakati pa njira, mwatipha."

Clotilda anayang'ana Otilia. Otilia sankayang'ana munthu. Anali atatulutsa kabotolo ka madzi aja m'chitenje, akudontheza ndi supuni pakona pa kamwa la mwana, ngati kuti nkhani ya pamwamba pake sinkamukhudza.

Clotilda anabwezera jekeseni m'kambale n'kuvindikira. Kuchipatala kunali mkulu wina wa chibayo amene ankafunikiradi mankhwalawo. Anapita kukaima pamene a Lorenso analoza, pambali pawo, n'kutembenukira kwa amayi.

"Ndayamba lero," anatero. "Otilia, mayi a Tomasi. Mwana wawo akudwaladi."

A Lorenso anadikira, mwina kuti Clotilda awonjezere mawu ena amene angawagwire. Pamapeto pake anakweza kandodo n'kuloza njira ya ku malayini osamuyang'ana Otilia.

"Takhuta," anatero Otilia chapansipansi, osadziwika ngati akuthokoza kapitawo kapena nesi. Anamanga thewera momasuka, n'kubereka mwana, n'kunyamuka msangamsanga asanasinthe maganizo munthu.

Amayi anayamba kutola matumba awo. A Lorenso anakonza baji pa malaya.

"Ndinaiwala kukuuzani, anesi," anatero. "Munda uno tikumaliza lero. Kuyambira mawa tikutola kutsidya kwa dambo, kumalire ndi mtsinje. Njinga sifika. Mayina timaitana dzuwa lisanatuluke."

"Njira yake ndi iti?"

A Lorenso anachita ngati sanamve, n'kuyamba kukalipira mtsikana wina amene thumba lake linali lobooka. Clotilda anaima pomwepo ndi kambale kake m'manja. Mayi Mwajuma, amene anali atalowa kale mu mzere woyamba wa thonje, anayankha osatembenuka, manja akutola.

"Mudutse kuseri kwa shedi ya thonje, mutsate ngalande mpaka pa migwalangwa iwiri. Pamenepo muvule nsapato. Pali matope."

"Amafika pati?"

"Ife aafupi m'ntchafu. Inu mwina m'maondo."

"Kuseri kwa shedi, ngalande, migwalangwa iwiri," anabwereza Clotilda. "Nanga ndikawoloka?"